Kusintha oyilo ndi fyuluta ya giyabokosi ya automatic pakhomo: lipoti la Corolla NZE121 ya ku Chilomoni

Galimotoyi ndi Toyota Corolla NZE121 ya 2002, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, ndipo giyabokosi yake ndi U340E, ya automatic ya magiya anayi. Inachokera ku Japan ngati zinzake zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu. Tsiku lomwe ndinaiona koyamba inali itayenda makilomita 171,000 malinga ndi mita yake. Ndikuti malinga ndi mita chifukwa galimoto yogula itagwirapo kale ntchito, mita yake imanena zomwe inauzidwa.

Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Chilomoni, wopuma pantchito, amene amatsikira ku Nchalo kawiri pamwezi kukatenga katundu wa geni ya mayi akunyumba kwawo. Aliyense wodziwa msewu wa Blantyre ndi Chikwawa akudziwa tanthauzo lake: popita mumatsetsereka, koma pobwera galimoto imakwera zitunda zija kuchokera pa Thabwa itasenza matumba kumbuyo, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Giyabokosi ya automatic imadana ndi zinthu ziwiri zimenezi, katundu ndi kutentha, ndipo apa zimabwera limodzi.

Anandiitana mu Okutobala. Dandaulo lawo analinena motere: "Amisiri, m'mawa ndikaika pa D galimotoyi imayamba yaganiza kaye. Kenako imagunda ngati wina waikankha kumbuyo." Anawonjezera kuti ikatentha, makamaka akamaliza zitunda, imadumpha ikamachoka pa giya yachiwiri kupita yachitatu, komanso kuti amamva kaphokoso koliza ngati udzudzu kuchokera pansi pa boneti. Chiigulireni galimotoyi zaka 6 zapitazo, oyilo wa giyabokosi anali asanasinthidwepo. Anzawo anawachenjeza kuti automatic sasintha oyilo, ukangosintha yafa. Chomwe chinachitikapo n'chakuti mnyamata wina wa pagalaja ina anawonjezeramo oyilo wofiira wa m'botolo lopanda dzina, kawiri konse.

Zomwe ndinapeza ndisanamasule kanthu

Ndinayamba ndi kuyenda nayo mpaka itatentha bwino. Toyota imati oyilo wa giyabokosi ayezedwe ali pakati pa 70 ndi 80 °C, galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira. Kamakina kanga kowerengera zolakwika sikanapeze code (nambala yosonyeza cholakwika) iliyonse, koma kanandithandiza kuona kutentha kwa oyiloyo. Nditaponda buleki ndinayendetsa ndodo ya magiya kuchokera pa P mpaka pa L n'kubwerera pa P, kenako ndinasolola dipstick, kandodo koyezera kuchuluka kwa oyilo.

Oyilo anali atapitirira chizindikiro cha HOT ndi pafupifupi mulifupi mwa chala, ndipo panali timathovu. Nditafunsa bwinobwino, bambowo anakumbukira kuti mnyamata uja ankayeza m'mawa galimoto isanayende, n'kumathira mpaka pa HOT. Vuto linayambira pamenepo. Oyilo wa giyabokosi amafufuma akatentha, n'chifukwa chake dipstick ili ndi COOL ndi HOT. Ukadzaza wozizira mpaka pa HOT, akatentha amakwera mpaka kufika pomwe zitsulo zozungulira zimamutakasa ngati mazira a mandasi. Thovu ndi mpweya, ndipo mpweya umafinyika. Pampu ikakankha oyilo wa thovu, makilachi a m'kati sagwira ndi mphamvu yokwanira, amayamba aterereka kaye kenako n'kugwira mwadzidzidzi.

Mtundu wake unali wa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo. Ndinadontheza pang'ono papepala loyera: dontho linafalikira, pakati pake panatsala kuderako koma popanda timiyala kapena tizitsulo tonyezimira. Ndinanunkhiza. Fungo linali la oyilo wotopa, osati la nsima yopserera lomwe limakuuza kuti makilachi apsa. Sanali woyererako ngati wathiridwa mkaka, zomwe zikanatanthauza kuti madzi a mu radiyeta akulowa kudzera pomwe oyiloyu amakazizirira. Ndinayang'ananso mapaipi awiri opita ku radiyeta ndi masilo a ma driveshaft (zitsulo zotumiza mphamvu kumatayala), ndipo ponse panali pouma.

Kenako ndinayeza nthawi yomwe giya imatenga kuti ilowe. Muyeso wa Toyota ndi wakuti, galimoto ili yotentha ndipo injini ikulira payokha, kuchokera pa N (nyutulo) kupita pa D (yopita kutsogolo) pasadutse masekondi 1.2, ndipo kuchokera pa N kupita pa R (yobwerera m'mbuyo) pasadutse 1.5. Umayeza katatu, kusiya mphindi imodzi pakati pake. Ndi wotchi ya pafoni ndinapeza pafupifupi 1.8 pa D ndi 1.4 pa R. Chala cha munthu si makina, koma kuchedwa kwa D kunali koonekeratu.

Zomwe tinagwirizana

Bambowo anandifunsa mosapita m'mbali: "Ndiye mukasintha siifa?"

Mantha amenewa ali ndi poyambira, ndipo sindiwaseka. Giyabokosi imene makilachi ake anatha kale nthawi zina imayenda chifukwa cha phulusa la makilachi omwewo lomwe lasakanikirana ndi oyilo n'kumawathandiza kugwira. Ukachotsa oyilo ameneyo n'kuthira woyera, kuterereka komwe kunabisala kumaonekera. Komanso anthu ambiri amakumbukira za oyilo pamene giyabokosi yayamba kale kudwala. Ikafa patatha sabata ziwiri, mlandu umagwera oyilo watsopano ndi makaniko amene anamuthira.

Ndinawauza kuti: "Bambo, sindingakulonjezeni ndisanaone m'kati mwa sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa giyabokosi. Tiitsitse. Tikapezamo zidutswa za zitsulo kapena matope ochuluka a makilachi, nditseka, tibwezeramo oyilo wanu yemweyu titamusefa, ndipo ndalama zanu muzisunge za giyabokosi ina. Tikapeza zabwinobwino, tisintha pang'onopang'ono, katatu." Anavomera. N'chifukwa chake ndinatsuka beseni lolandirira oyilo mpaka kuyera, popeza zinali zotheka kuti oyilo wakaleyo abwerera momwe wachokera.

Za makina opopa oyilo yense nthawi imodzi ndinakana. Pa giyabokosi yomwe yatha zaka zambiri osatsegulidwa, sindifuna kudzidzimutsa litsiro lomwe lagona m'tinjira ta valve body, gawo logawa oyilo kumakilachi, poti kachidutswa kamodzi kokha kakatsamwa pa solenoid, kavalavu koyendera magetsi, vuto laling'ono lasanduka lalikulu.

Oyilo wa galimotoyi ndi Toyota Type T-IV, ndipo zinalembedwa pa dipstick pomwe. Tinagula zitini ziwiri za malita 4 chilichonse, zomata bwino, pamodzi ndi fyuluta, O-ring yake (kamphete ka labala kotseka mpata) ndi gasiketi ya sampu. Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa pamenepa m'pomwe magalimoto ambiri akufera. Oyilo wofiira si mmodzi. Corolla zakale ngati AE110 zimamwa Dexron, NZE121 imamwa T-IV, Toyota zambiri zobwera pambuyo pake zimafuna WS, ndipo Axio NZE141 ya automatic ili ndi giyabokosi ya mtundu wina yotchedwa CVT, yomwe imafuna oyilo wakewake wa CVT. Wogulitsa akakuuzani kuti "onsewa ndi ATF yemweyo", kutanthauza oyilo wa giyabokosi ya automatic, ikani ndalama m'thumba mukawerenge dipstick kapena buku la galimoto yanu.

Ntchito yake

Tinagwirira pakhomo pawo, pakhonde la simenti kuseri kwa nyumba. Mphepo ya Okutobala imanyamula fumbi, choncho ndinapempha mdzukulu wawo kuti asese n'kuwaza madzi pabwalo lonse tisanayambe. Injini imapirira kafumbi pang'ono, koma valve body ayi. Ndinakoka handibuleki, ndinaika miyala kumatayala akumbuyo, ndinakweza kutsogolo ndi jeke n'kukhazika galimoto pa masitandi awiri achitsulo. Bambowo anabweretsa njerwa kuti tiwonjezere, ndinawathokoza n'kuziika pambali. Njerwa yowotcha imaphwanyika osachenjeza, ndipo mutu umene uli pansipo ndi wanga.

Ndinasiya galimoto izizire kwa theka la ola kuti oyilo akhale wofunda, woti atuluke msanga koma osandiwaula. Ndisanamasule chilichonse ndinatsuka kunja kwa sampu ndi m'mphepete mwake monse ndi bulashi ndi palafini. Nditamasula bauti yotulutsira oyilo, anatuluka malita 2.6, omwe ndinawayeza ndi jagi ya mizere. Ndinabwezera bautiyo ndi dzanja n'kuyamba mabauti a sampu.

Mabautiwa ndi 19, a sipanala ya 10. Samasulidwa onse nthawi imodzi pokhapokha ngati ukufuna kusamba oyilo. Ndinachotsa a mbali zitatu, n'kusiya awiri a mbali imodzi atamasuka pang'ono, kuti sampu ipendekeke n'kukhuthulira m'beseni oyilo wotsalira. Gasiketi inali itakakamira. Ndinagogoda pangodya ndi chigwiriro cha hamala, osalowetsa sikuludiraiva pakati, chifukwa thupi la giyabokosi ndi la aluminiyamu ndipo mukangolikanda lidzadontha mpaka kalekale.

Fyuluta imagwidwa ndi mabauti atatu. Nditaikoka, oyilo wina anatsika m'khosi mwake n'kundiyenderera m'dzanja mpaka m'chigongono, zomwe zimachitika nthawi zonse ngakhale ukonzekere bwanji. Nditaiyang'ana, pakhosi pake panalibe O-ring. Inali itatsalira m'bowo la valve body. Ndinaikokera kunja ndi kawaya kopinda, ndipo inali youma, yophwatalala, yoti nditaipinda inang'aluka. Kanthu kameneka n'kochepa ngati mphete ya pachala, koma kali pakamwa pa pampu. Kakauma, pampu imayamwa mpweya pamodzi ndi oyilo, makamaka m'mawa oyilo ali wolemera. Kaphokoso ka udzudzu kaja ndi kuganiza kwa m'mawa kuja ndinayamba kuzimvetsa. Ndipo ndikanapanda kuiona n'kukankhira fyuluta yatsopano pamwamba pake, mphete zikanakhala ziwiri pamalo a imodzi, fyuluta osakhala bwino, vuto n'kukula kuposa kale.

Oyilo yense wotuluka, wa pabauti, wa mu sampu ndi wa mu fyuluta, anakwana malita 3.4.

Zomwe zinali mu sampu

Ndinaitengera padzuwa n'kuwaitana bambowo kuti tione limodzi. Pansi pake panali utoto wopyapyala wotuwa, woti ukadutsitsa chala chitsulo chimaonekera. Limenelo ndi phulusa la makilachi, ndipo pa makilomita amenewa silidabwitsa. Maginito awiri anali atavala ubweya wakuda. Ndinatapa ubweyawo n'kuutikita pakati pa zala: unali wosalala ngati mwaye wonyowa, wopanda kobaya. Ndinawapatsa bambowo kuti nawonso atikite.

"Ndiye zimenezi ndi zitsulo?" anafunsa, nkhope itagwa.

Ndinawayankha kuti inde, koma ndi fumbi la zitsulo, lomwe giyabokosi iliyonse imatulutsa pakutha kwa zaka. Chomwe ndinkaopa ndi zidutswa zoti n'kuzigwira ndi chikhadabo, zomwe zimachokera ku mabering'i kapena mano a magiya, komanso tinyenyeswa tachikasu ta mabushi, tomwe maginito satigwira ndipo timakhala pansi pa sampu. Ndinapendeketsa sampu uku ndi uku padzuwa kufunafuna chikasu chimenecho. Ndinaona timadontho tiwiri kapena titatu, tochepa ngati mchenga wa m'nyanja. Fyuluta yakale ndinaitsegula ndi pulayala. Chosefera cha m'kati chinali chakuda bii ndi cholemera, koma m'makwinya mwake munalibe zidutswa za makilachi. Pamenepo ndinawauza kuti tipitirire.

Sampu ndinaitsuka ndi palafini, kenako ndi brake cleaner, n'kuisiya iume yokha padzuwa nditaivundikira ndi nyuzipepala. Sanza za thonje sindizilola kufika m'kati, poti ulusi umodzi ndi wokwanira kugwira valavu. Maginito ndinawabwezera pamalo pomwe ndinawapeza. Ndinaika rula yachitsulo pamlomo wa sampu kuti ndione ngati unapindika pamabowo a mabauti, ndipo unali wowongoka. O-ring yatsopano ndinaipaka oyilo watsopano, ndinakankha fyuluta mpaka itakhala, n'kumanga mabauti ake atatu pa 11 N·m (muyeso wa mphamvu yomangira bauti). Gasiketi ndinaiika youma, popanda silikoni. Anthu amakonda kupaka silikoni mbali zonse ziwiri kuti mtima ukhale pansi, koma wofinyikira m'kati amaduka n'kukatseka fyuluta yomwe wangogula kumene.

Mabauti a sampu amafuna pafupifupi 8 N·m basi, yomwe ndi mphamvu yochepa kwambiri. Onse 19 ndinayamba kuwalowetsa ndi zala, kenako ndinamanga modumphadumpha, uku ndi uko, maulendo awiri. Wopanda torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, agwire sipanala pafupi ndi mutu wake ndi zala zitatu. Gasiketi ikayamba kutuluka m'mbali ngati lilime, wapyola.

Kuthira ndi kuyeza

Lamulo lomwe timaphunzitsa anyamata ndi lakuti bwezera muyeso womwe watuluka. Pagalimoto iyi lamuloli likanatisokeretsa, chifukwa inabwera itadzaza mopyola. Ndinathira malita 2.8 okha kudzera papaipi ya dipstick, ndi fanelo yoyera, pang'onopang'ono kuti asabwerere. Titatsitsa galimoto pansi ndinailiza, ndinadutsitsa ndodo m'magiya onse ndikuima masekondi angapo pa iliyonse, ndipo dipstick inaonetsa m'kati mwa COOL. Chizindikiro cha COOL ntchito yake ndi yongokuuza kuti ukhoza kuyenda osawononga kanthu. Muyeso weniweni ndi wa HOT.

Tinazungulira nayo mpaka kamakina kanaonetsa 75 °C. Pakhomo pawo bwalo ndi lopendekeka pang'ono, choncho tinakayezera pamalo athyathyathya pafupi ndi msewu. Oyilo anali kumunsi kwa HOT. Ndinawonjezera mamililita 200, ndinadikira kuti wa m'paipi atsike, ndinapukuta dipstick n'kuyeza kawiri, kuyang'ana mbali zonse ziwiri n'kukhulupirira yotsikayo. Anakhala pakati pa HOT. Onse pamodzi analowa malita 3.0.

Bambowo atayang'ana dipstick anakhumudwa pang'ono, poti oyilo sanali wofiira ngati wa m'chitini. Ndinawafotokozera kuti giyabokosi imeneyi imasunga malita apakati pa 6 ndi 7, ndipo ambiri amakhala mu torque converter (cholumikiza injini ndi giyabokosi), m'makilachi ndi m'mapaipi, komwe bauti ya pansi siifika. Tsiku limenelo tinachotsa osakwana theka. Tikadzakhuthulanso kachiwiri, wakale adzatsala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo kachitatu limodzi mwa asanu. Zitini ziwiri zija ndinaziwerengera maulendo atatu amenewa.

Oyilo wakale tinamuthira m'chigubu chotseka. Mdzukulu uja ankafuna kukamutaya m'ngalande, koma ngalande za m'mizinda yathu zimathera m'mitsinje momwe anthu amachapa. Chigubucho ndinachitenga ndekha.

Cholakwa changa

M'mawa mwake foni inalira. "Amisiri, pasimenti pali kadontho kofiira." Ndinapita ndikuganiza za gasiketi, koma mlomo wa sampu unali wouma kuzungulira konse. Kunyowa kunali pabauti yotulutsira oyilo. Ndinali nditabwezera wasala wakale, kamphete kachitsulo kokhala pansi pa mutu wa bautiyo. M'paketi ya fyuluta munalibe watsopano, ndinamuyang'ana wakaleyo n'kuona ngati akadali bwino, ndipo ulesi wopita kukagula kanthu kamodzi unandigonjetsa. Wasala ameneyu amaphwanyika kamodzi kuti atseke mpata, ndipo kachiwiri sagwiranso chimodzimodzi. Kumanga bauti mopitiriza sindinafune, poti mapeto ake ndi kudya mazinga a sampu. Ndinakagula mawasala atatu, ndinamasula bauti, ndinatseka bowo ndi chala chachikulu pamene bambowo ankandisinthira wasala, n'kubwezera msanga. Tinataya oyilo wosakwana kapu, amene ndinamubwezera titayezanso galimoto ili yotentha. Ulendo umenewo sindinawalipiritse.

Zotsatira

Sabata yoyamba kaphokoso ka udzudzu kanatha. Kuchokera pa N kupita pa D kunatsika kufika pafupifupi masekondi 1.3. Kudumpha kwa pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu kunachepa koma kunalipobe galimoto ikatentha kwambiri.

Mu Novembala, atayenda makilomita 600, tinakhuthula kachiwiri pabauti pokha, osatsitsa sampu. Anatuluka malita 2.4, woderapo koma woonekera kuwala ukamuika m'botolo. Mu Januwale tinachita kachitatu, malita 2.4 omwewo. Pamenepo D inkalowa pa 1.1, R pa 1.2, ndipo kudumpha kuja sindinakumvenso ngakhale nditaikweza dala chitunda titakwera anthu anayi.

Ndinayendanso nawo ulendo umodzi kuti ndione kayendetsedwe kawo, ndipo ndinapeza kuti pazitunda amangosiya pa D, giyabokosi n'kumasinthasintha pakati pa yachitatu ndi yachinayi pakona iliyonse. Kusinthasintha kumeneko n'komwe kumawotcha oyilo. Ndinawaonetsa batani la O/D OFF pandodo ya magiya, loletsa giya yachinayi kulowa, lomwe ankaliopa poganiza kuti kanyale kake kakayaka ndiye kuti china chawonongeka. Tsopano amalidina akangodutsa pa Thabwa, ndipo potsetsereka amaika pa 2 m'malo otsika kwambiri kuti mabuleki apume. Matumba tinagwirizana kuti achepetseko.

Chimene sichinathe ndi cha m'mawa. Galimoto ikagona masiku awiri osalizidwa, D yoyamba imachedwabe pafupifupi masekondi awiri, ngakhale kuti sigundanso ngati kale. Ndikuona kuti masilo a m'kati mwa makilachi anauma ndi ukalamba, ndipo oyilo watsopano sangawabwezere unyamata. Kuti asinthidwe m'pofunika kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo pa mmene ikuyendera panopa sindinawalangize kutero. Ndinawauza kuti aziiliza n'kuisiya mphindi imodzi asanaike giya, ndipo asaponde moto mpaka atamva kuti yalowa.

Tsiku ndi makilomita a ulendo wachitatu ndinazilemba ndi penti kunsi kwa boneti: 174,300. Chifukwa cha zitunda ndi katundu, tinapangana kuti tidzakhuthulenso ikafika 204,000, ndipo sampu tidzaitsitsenso nthawi imeneyo kuti tione maginito. Wasala mmodzi watsopano ndinawawonjezera, ali mu kapepala m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi mapepala a galimoto.